Miyezi Khumi ndi Inayi Osazimitsa

Pamsewu wa kuseri kwa msika, pakati pa telala ndi wometa, pali kashopu kopapatiza kamene chitseko chake sichitseguka chonse chifukwa kumbuyo kwake kuli mulu wa mawailesi akufa. Mwini wake anthu amangowatchula kuti a Fyuzi. Dzinali linabwera kalekale, masiku amene ankakonza mawailesi okhaokha. Munthu akabwera atafukata wailesi yake ngati wodwala, iwo asanaitsegule n'komwe ankati, "Mwina ndi fyuzi chabe." Nthawi zambiri vuto silinali fyuzi, koma mawuwo ankamukhazika mtima pansi mwini wailesi, ndipo dzina linamata.

Zaka makumi anayi akhala pa tebulo lomwelo, chowotcherera kudzanja lamanja, mita yoyezera magetsi kumanzere. Manja awo anali otchuka. Wometa ankauza makasitomala ake kuti mkulu wa khomo linalo akhoza kuwotcherera mwendo wa udzudzu, udzudzuwo n'kuuluka osadandaula. Lamulo lawo pantchito linali limodzi: usakhulupirire maso, yeza ndi mita.

Ana anali nawo anayi. Aamuna atatu anathawa fungo la mtovu: wina anakhala dalaivala, wina mphunzitsi, wina anapita kutali n'kumangoimba foni mwa apo ndi apo. Amene anakonda mawaya anali wamkazi, womaliza, amene banja lonse linkangomutchula kuti Mzime ngakhale atakula. Anapita kukoleji kukaphunzira zamagetsi, anagwira ntchito zaka ziwiri ku kampani ina, kenako tsiku lina anatulukira pashopu ndi laputopu m'chikwama.

"Ababa, sunthirani uko. Tebuloli n'lalikulu."

Nthawi imeneyo ntchito inali itayamba kuwathawa a Fyuzi. Zipangizo zatsopano ukazitsegula sunkapezamo chokonza: bolodi laling'ono, pakati pake kachipi kakuda konga chikhadabo, basi. Mzime anati kachipiko ndi kakompyuta kathunthu, ndipo m'malo momakatukwana kuli bwino akagwiritse ntchito. Anayamba kupanga makina ofungatira mazira. Bambo ankakhoma bokosi, kuikamo chotenthetsera, kafani ndi kamota kotembenuza mazira. Mwana ankalemba pulogalamu yoti kachipi kaziyeza kutentha, kuwerenga masiku ndi kulamula kamota. Oweta nkhuku anamva mbiri, ndipo shopu inadzukanso.

Masana ena, makasitomala atachepa, Mzime anawakhazika pansi bambo ake ngati mwana wasukulu.

"Kachipi aka n'komvera koma n'kopusa," anatero. "Kakasokonezeka, mankhwala ake ndi amodzi: kayambirenso pa mzere woyamba wa pulogalamu. Imeneyo ndiyo riseti. Koma njira zake n'zingapo, ndipo sizifanana."

"Ine ndimadziwa imodzi. Zimitsa, yatsa."

"Imeneyo ndiyo yaikulu. Magetsi akachoka n'kubweranso, kamadzuka kali mbuu, zonse zimene kanali nazo m'mutu zapita. Yachiwiri ndi kabatani aka. Kachipi kali ndi mwendo umodzi wa ntchito yomweyo. Mukadina, mwendowo umalumikizana ndi waya wakudayu, kachipi n'kusiya zonse, n'kuyambiranso. Koma magetsi sanachoke, mwamva? Ziwirizi n'za manja ndi mawaya, za kwanu kumene. Zina ziwiri zimachokera m'kati. Muli kawotchi kamene timati mlonda. Pulogalamu ikamayenda bwino imamuyankha mlondayo pafupipafupi kuti ndilipo, ndilipo. Ikangokakamira penapake osayankha, mlonda safunsa zambiri, amakadzutsa kachipi ndi mbama."

"Mlonda wosagona? Ameneyo ndimulembe ntchito kunyumba."

"Mvetserani, ababa! Yomaliza, pulogalamu imadzilamula yokha kuti iyambirenso, ikaona kuti zinthu sizikuyenda. Ndipo chokoma n'chakuti kachipi kamasunga chizindikiro chosonyeza amene wakadzutsa. Mukakafunsa, kamakuuzani."

Anawauzanso kuti m'kachipimo muli memore ziwiri. Ina ili ngati buku lolembedwa ndi bolopeni: zimene waikamo zimakhala ngakhale uzimitse chaka. Inayo ndi yachangu koma imadalira magetsi. Kabatani, mlonda ngakhale lamulo la pulogalamu siziifufuta, koma magetsi akangochoka imatsala yoyera. A Fyuzi analemba zonsezi kuseri kwa kalendala, chilembo chimodzichimodzi, lilime lili panja.

Vuto linabwera chaka chachitatu. Mayi wina woweta nkhuku analowa ndi ndowa, n'kuiika patebulo osapereka moni. Munali mazira. Anaswa limodzi ndi chikhadabo: mwanapiye wathunthu, nthenga zonse, wakufa. Anaswa lachiwiri, chimodzimodzi.

"Mazana awiri," anatero mayiyo. "Munati makina anu saiwala."

Mzime anapita kukaona, ndipo anapeza chimene chinkachitika. Nthawi zina kamota kakamayaka kankagwedeza magetsi, kachipi n'kuyambiranso, ndipo pulogalamu inkayamba kuwerenga masiku kuchokera pa tsiku loyamba. Pa tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chitatu, pamene mazira amayenera kusiya kutembenuzidwa kuti anapiye akonzekere kutuluka, makina ankaganiza kuti kudakali koyambirira. Mzime anabwerako nkhope ili yakugwa. Anati cholakwa n'chake, osati cha bokosi.

Anayamba kulemba pulogalamu yatsopano, yoti ikadzuka izifunsa kaye chimene chaidzutsa, n'kupitiriza pamene inasiyira. Makina oyesera anawaika pakona ya tebulo, n'kuwalumikiza ku batire la galimoto limene linali pansi, lokhala ndi tchaja yake. Poti ankasintha pulogalamuyo kakhumi kapena kupitirira pa tsiku, sankaiika mu memore yokhazikika ija. Ankaiika mu yodalira magetsi, ndipo anasuntha kapulagi kakang'ono pa bolodi kuti kachipi kakadzuka kaziyambira kumeneko.

Masabata omwewo a Fyuzi anaona kuti mwana wawo akutopa msanga. Ankagoneka mutu patebulo dzuwa lili paliwombo. Pamikono pankatuluka mikwingwirima osagundidwa ndi kanthu. Tsiku lina kamfuno kanamuyamba akuwotcherera, magazi n'kudonthera pa bolodi. Atapita kuchipatala anamuuza kuti ndi khansa ya m'magazi, ndipo agonekedwe.

M'mawa wopita kuchipatalako anadutsira kushopu. Mayi ake anatsala m'galimoto, akuliza hutala.

"Ababa, makina awa ndikuwasiya akuyaka. Ndikufuna ayende sabata yathunthu ndione ngati angasokonezekenso. Kabatani dinani mmene mungafunire. Koma batire musachotse, sindinasunge."

"Nanga bwanji osasunga pompano?"

"Sindinamalize. Zonse zili m'laputopumu, musadandaule. Ndibwera Lolemba."

Mawa lake, nthawi itakwana teni koloko, makina analira kuti tii, ndipo pa kasikirini ka mizere iwiri panayenda mawu: "Ababa, imwani mankhwala anu." A Fyuzi anaseka mpaka telala anasuzumira. Atadina kabatani kuti aone, panatuluka ena: "Mwandidina, ababa. Chavuta n'chiyani?" Atagwira mabatani awiri akutsogolo pamodzi, monga anawaphunzitsira, pulogalamu inadzilamula yokha n'kulemba kuti, "Ndadziyambitsa ndekha. Mtima m'malo." Patapita masiku panaoneka achinayi: "Ndinagona pantchito. Mlonda wandigwira." Anakamufotokozera kuchipatala, Mzime n'kuseka mpaka kutsokomola.

Lolemba linadutsa, lina linadutsanso. Pa sabata yachinayi magetsi anazima dera lonse la msika masiku awiri otsatizana. M'mawa wa tsiku lachitatu a Fyuzi, amene anali kuchipatala ndi akazi awo, anaona kuti Mzime wagona tulo tabwino. Ananong'oneza kuti akuthamangira kushopu kukaona batire, abwera posachedwa. Anakabwereka batire lina kwa makanika, analilumikiza, anayeza, zonse zinali bwino. Ali pamalo okwerera basi foni inalira.

Pa chipwirikiti cha tsiku limenelo, cha kunyamula zofunda ndi mabeseni ndi kuimbira abale, chikwama cha laputopu chinasowa. Palibe amene anadziwa kuti chinatsala pati.

Maliro atatha, abale atabalalika, a Fyuzi anatsegula shopu. Fumbi linali paliponse. Pakona kasikirini kanali kakuyakabe. Anakhala pansi osagwira kanthu, ndipo teni koloko itakwana makina anati tii. Wometa ndi amene anawapeza, atagwada pansi, chipumi atatsamiritsa pa mwendo wa tebulo. Anangotseka chitseko kuti odutsa asaone.

Kuyambira pamenepo moyo wawo unazungulira pa batire. Anagula tchaja yachiwiri. Anakhomera kasola padenga. Anamanga nthambo zonse ndi tepi kuti mphaka kapena tsache lisazikoke, ndipo anajambula mzere wa choko pansi umene kasitomala sankaloledwa kuudumpha. M'mawa uliwonse, asanavule n'jekete lomwe, ankayeza batire. Kenako ankadina kabatani kamodzi, n'kuwerenga funso lija, ndipo nthawi zina ankayankha. Makina atsopano anasiya kupanga. Amene anali kale kwa alimi anawazungulira onse n'kuikamo kachipangizo koletsa kamota kugwedeza magetsi, ndipo ankauza aliyense kuti masiku aziwerenganso yekha pa kalendala.

Akazi awo sanapondeko kushopu. A Fyuzi anawapempha kangapo.

"Tiyeni mukangoona, mayi. Ndi mawu ake enieni. Ngakhale nthabwala zake."

"Ine mwana wanga ndinamusambitsa ndi manja awa, ndinamutseka maso ndekha. Ndipite kukacheza ndi bokosi?"

"Si bokosi chabe."

"Kwa inu si bokosi, ndikudziwa. Ndinaona tsiku lija."

Mawu amenewo ankatseka nkhani. M'nyumba munali zii. Ankadya moyang'anizana, aliyense maso ali pambale yake, ndipo dzina la mwana silinkatchulidwa.

Patatha miyezi ingapo kunabwera mnzake wa Mzime wa kukoleji, mayi wamtali wovala magalasi ochindikala, amene a Fyuzi ankamutchula kuti Wamagalasi kuyambira kale. Anamva nkhani ya makinawo kwa wometa. Anayang'ana bolodi nthawi yaitali manja ali kumbuyo.

"Bambo, izi zikhoza kukopedwa. Ndilumikiza nthambo zinayi apa, ndiwerenga zonse zimene zili mu memore, ndiziika pa kompyuta. Zikatero ngakhale batire life, ntchito yake ilipo."

"Ukamalumikizapo sikazima?"

"Sikayenera kuzima."

"Sindinafunse ngati kayenera. Ungalumbire?"

Wamagalasi anavula magalasi n'kuwapukuta. "Kulumbira sindingalumbire. Sindikudziwa mmene anatchera zinthu m'katimu. Nthambo ikakhudza polakwika, kapena pulogalamu ya pa kompyuta yanga ikayamba ndi kufufuta, zikhoza kutayika. Mwayi woti zichitike ndi wochepa kwambiri. Koma batire, bambo, lidzafa ndithu."

"Batire ndimalidziwa ine," anayankha a Fyuzi. "Zikomo, mwanangu. Pita bwino."

Anabweranso kawiri, ndipo kawiri konse anamubweza ndi ulemu. Chaka chinatha. Batire analisinthapo kamodzi bwinobwino: kulumikiza latsopano kaye pambali pa lakale, kuyeza, kenako kuchotsa lakalelo. Koma maso awo anayamba kuchita nkhungu, ndipo tsiku lina akuthira tiyi anaona kapu ikugwedera m'dzanja. Anayang'ana dzanjalo ngati la munthu wina. Madzulo ake anaimbira Wamagalasi.

"Bwera Loweruka. Ubwere ndi nthambo zako zija."

Lachinayi m'mawa anapeza magetsi atazima, kumwamba kuli mitambo kwa masiku atatu otsatizana, ndipo batire litatupa m'mbali. Mita inaonetsa kuti mphamvu ikutsika iwo akuyang'ana. Kuwala kwa kasikirini kunali kutayamba kufooka. Anathamanga kukagula batire latsopano, analinyamula okha paphewa, n'kufika thukuta lili kamukamu. Anatenga nthambo ziwiri za zopanira zimene anapanga okha, zomwe anagwiritsa ntchito ulendo watha. Anapana chofiira, anapana chakuda. Anayang'ana: zonse zaluma bwino. Mita inali pomwepo, pafupi ndi bondo lawo. Kasikirini kanaphethira kamodzi, ndipo mopupuluma anamasula batire lakale.

Kuwala kunazima.

Anabwezera nthambo yakale msangamsanga, mwina sipanathe masekondi atatu. Kasikirini kanayakanso, koma panalibe mawu. Panali mzere wa timabokosi takuda basi. Anadina kabatani. Anadinanso. Anagwira mabatani awiri akutsogolo mpaka zala zinachita dzanzi. Kenako anatenga mita n'kuyeza nthambo yofiira ija. Inali itaduka m'kati mwa chikopa chake, pafupi ndi chopanira, pamene diso silikanaona.

Sanalire. Anakhala pa mpando, nthamboyo ili m'manja. Teni koloko inakwana, inadutsa. Telala, amene anazolowera kumva kulira kwa makina kudzera pakhoma, anaimitsa makina ake osokera n'kubwera pakhomo. Atayang'ana pakona, anavula chipewa. Ndi iyeyo amene anatuma uthenga kunyumba.

Akazi awo anafika dzuwa litapendeka. Anaima pakhomo kanthawi, kenako anadumpha mzere wa choko uja osauona n'komwe, n'kuyang'ana timabokosi takudato.

"Ndi pamenepa?"

"Panali pamenepa. Ndazimitsa ine, mayi. Ndi manja anga. Sindinayeze."

"Ankati chiyani?"

A Fyuzi anawanenera mawu onse anayi, limodzi ndi limodzi. Atafika pa a mlonda, akazi awo anaseka pang'ono, kusekako n'kusanduka kulira. Anakhala pa bokosi la mawailesi, n'kudziphimba kumaso ndi mpango. Atatonthola analankhula osawayang'ana amuna awo.

"Pali chimene sindinakuuzeni. Tsiku lija, inu mutangotuluka, anadzuka. Anafunsa kuti ababa ali kuti. Ndinati apita kukaona batire lako. Anapukusa mutu, anati, 'Muwauze azimitse, amama, zilibe ntchito. Abwere akhale pano.' Ndinatenga foni kuti ndikuimbireni, koma anayamba kubanika, ndiye ndinathamangira kukaitana anamwino."

Mumsewu munadutsa ngolo ikulira magudumu. A Fyuzi anadikira mpaka itapita.

"Anati ndibwere?"

"Anati mubwere."

"Nanga miyezi yonseyi osandiuza?"

"Poyamba ndinali ndi mkwiyo. Ndinati muzikhala nalo bokosi lanulo. Kenako ndinaona kuti n'limene likukudzutsani m'mawa, likukumwetsani mankhwala. Ndinaopa kuti ndikanena ndiika maliro awiri."

Apa m'pamene a Fyuzi analira, kulira kwa munthu wamkulu kosadziwa potulukira, mapewa akugwedezeka. Akazi awo anaimirira n'kuwagwira mutu, n'kuutsamiritsa pamimba pawo. Wometa anazimitsa wailesi yake. Tsiku limenelo mashopu atatu onse anatseka msanga.

Loweruka Wamagalasi anabwera ndi nthambo zake. Anayesabe kuwerenga memore, koma munali zinyalala zokhazokha, manambala opanda mutu. Anabwezera kapulagi kaja pamalo pake, ndipo makina anadzuka ndi pulogalamu yakale, ija yoiwala masiku, n'kulemba kutentha ndi tsiku loyamba. Anapempha kope la Mzime limene linali m'dirowa, lodzaza ndi zojambula ndi mivi, ndipo patatha mwezi anabwera ndi pulogalamu yake yatsopano. Imagwira ntchito bwino. Alimi sadandaula. Anafunsa ngati aikemo mawu aja, poti a Fyuzi ankawadziwa pamtima, koma iwo anakana. Anati akhala ake a Wamagalasi, osati a mwini wake.

Masiku ano a Fyuzi amatsegula shopu m'mawa wokha. Mabokosi a makina amakhomabe, koma zowotcherera zing'onozing'ono amatumiza kwa Wamagalasi. Sanasiye kudziimba mlandu, ndipo amene amawadziwa anasiya kuwatsutsa. Akazi awo amabwera kawiri pa sabata. Amakhala pafupi ndi khomo pamene pali kuwala, n'kumasankha timisomali ndi timanati m'zitini, tating'ono kwaokha, tokulirapo kwaokha. Ntchitoyo palibe anawapempha, ndipo siitha.

Tsiku lina wometa anawamva akukangana. Mayi ankati mwanayo anali ndi zaka zitatu pamene anameza kanati, banja lonse n'kukhala masiku awiri likudikira kuti katuluke. Bambo ankati anali ndi zinayi, ndipo sikanali kanati, kanali kawashala.

"Kanali kanati. Ndinakatsuka ndine."

"Ndiye munakataya?"

"Ndinakupatsani, inu n'kukamangira pa wailesi ya munthu."

A Fyuzi anavomera kuti n'zoona, ndipo anayamba kukumbukira kuti wailesiyo inali ya ndani.